Poto wa Amake Ulemu

M'mudzi mwathu muno, kumtunda kwa Ntcheu, muli mayi amene anakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu osadyetsa munthu. Sikuti ndi waumbombo ayi. Ankaphika, ankaitana odutsa, koma panalibe wosamba m'manja pakhomo pake, ngakhale mwana wobereka yekha. Mayi ameneyu ndi alamu anga a Eliness, amake Ulemu, mkazi wa malemu achimwene anga a Elson. Amene ndinawaika m'mavuto amenewa ndine Sellina, ndipo ndinachita zimenezo ndi mawu osakwana khumi. Ndikulemba mbiri yawo chifukwa ndatopa kuisenza ndekha.

A Eliness anabadwira ku Bwanje, kuchigwa kotentha kumene anthu amalima mpunga. Achimwene anawapeza konko, nthawi imene ankatsika ndi njinga kukasinthanitsa kachewere ndi mpunga. Ulendo woyamba anabwerako ndi mpunga, wachiwiri ndi mpunga, wachitatu anabwerako ndi nkhani. Banja lathu ndi la Angoni olowola, choncho bambo anatulutsa ng'ombe ziwiri m'khola, mtsikanayo n'kukwera kuno mu 1999. Anafika mu Juni, mwezi umene madzi a m'ndowa amaluma zala. Ankavala majuzi awiri, pamwamba chitenje, mano akugundana, ife tikuseka mpaka kugwira nthiti. Iwo ankangomwetulira. Sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo kwathu kuno munthu wofatsa timamukayikira kuposa wolalata, makamaka akakhala wochokera kutali. Ine ndi iwo tinabadwa chaka chimodzi, koma pakamwa anatigawira mosiyana. Gawo lawo lonse linabwera kwa ine.

Chimene anatiposa nacho ndi mpunga. Ife mpunga tinkauona pa Khirisimasi, ndipo tinkauphika ngati phala la mwana. Wa iwo unkatuluka woyoyoka, njere iliyonse payokha, fungo lake kufika kunjira. Koma ankadandaula ndi masefuliya athu opyapyala, ati amapsereza pansi pamwamba pasanapse. Mu 2002 achimwene anapita ku Joni, monga anachitira bambo athu kale, ndipo anapeza ntchito pamalo ophwanya miyala. Anasiya Ulemu akuyamwa. A Eliness anatenga khasu, mwana kumsana, nalima okha dimba lonse la kachewere. Atakolola anandipempha kuti ndiwaperekeze pa Boma akagule poto.

Ndaonapo amuna akusankha mkazi mofulumira kuposa mmene alamu anasankhira poto ameneyu. Tinafika pamsika dzuwa lisanakwere, tinachokapo mimba zikulira. Masefuliya onse anawadutsa osawayang'ana n'komwe, mpaka tinafika pa bambo wina amene ankaoda katundu ku Joni. Iye anali ndi mapoto a chitsulo chonyezimira chosachita dzimbiri, okhala ndi chogwirira chimodzi chachitali. A Eliness ankanyamula mmodzimmodzi. Ankamugogoda ndi chala n'kutchera khutu. Wolira kwambiri ankamubweza, ati ndi wopyapyala. Ankamutembenuza kuti aone ngati pansi pali pochindikala. Ankagwedeza chogwirira kuti amve ngati misomali yake inagwira, ankavundikira n'kuzunguza chivundikiro kuti aone ngati chikusiya mpata wa nthunzi. Wina anamukhazika pa thabwa n'kumukana chifukwa ankapendama pang'ono, kupendama kumene ine sindinakuone. Wogulitsayo poyamba ankaseka, kenako anatopa, kenako anayamba kuwapatsa ulemu. Atasankha wolemera kuposa onse, bamboyo anawalangiza zinthu zitatu: asamamukweche ndi mchenga, asamamuteleke pa nkhuni, ndipo mchere azithira madzi atawira kale. Likanakhalapo langizo lachinayi mwina sindikanalemba nkhani ino, koma bamboyo anathera pomwepo n'kuyamba kuitana ogula ena.

Chifukwa cha poto yemweyo anagula mbaula, chinthu chimene m'mudzi muno chinali ndi aphunzitsi okha. Ife mapoto athu timawapaka phulusa lonyowa kunsi tisanawateleke pa mafuwa, tikatha timakawakwecha ndi mchenga kudambo. Wawo ankasamba madzi ofunda, sopo ndi kansalu kofewa, n'kupukutidwa, n'kukolekedwa pa msomali m'nyumba. Tinkawanyogodola kuti poto ameneyu amasamba kuposa ana ena a m'mudzi muno. Ulemu atayamba kuyenda ankakonda kudziyang'anira pamenepo, nkhope ikuoneka yotambalala, iye n'kumafa nazo kuseka.

Tsiku lina kutabwera alendo ndinakamubwereka. Ndinaphikira nyemba pa nkhuni, ndipo pofuna kubweza woyera ndinamukwecha ndi mchenga mmene ndinazolowerera. Alamu atamulandira anayendetsa chala pa mizere ija, misozi ili lengelenge. Akanandilalatira tikanathana tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo sanamubwereketsenso kwa munthu aliyense. Kumudzi kukaniza poto ndi mlandu wopanda bwalo, ndipo ine amene ndinalakwa ndi amene ndinapsa mtima kwambiri. Kumjigo, kuchigayo, pobwera kutchalitchi, ndinkauza aliyense kuti mkazi wa ku Bwanje amadzimva.

Achimwene anabwerera kumapeto kwa 2005 atangotsala mafupa, akutsokomola mosalekeza. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo anawapatsa mapiritsi ofiira oti amwe miyezi yambiri. Anamwa masabata atatu n'kusiya, ati akuwasanzitsa. Amayi athu anawaikira kumbuyo, nati mwana wawo asakakamizidwe. A Elson anali amakani kuyambira ali mwana. Mapiritsiwo ankawaponya pawindo nkhuku zikuona. Chakudya chokha chimene chinkatsika ndi phala la mpunga la mkazi wawo, lophikidwa m'poto uja, ndipo likaphikidwa ndi wina ankalizindikira n'kulikana. Miyezi inayi a Eliness anawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa ndi supuni. Ine ndinkabwera kudzakhala pampando n'kumalira, ndipo ndinkayesa kuti kumeneko ndiye kudwazika.

Anamwalira Lachiwiri lina mu Malichi 2006. M'mawa umenewo a Eliness anali atangoteleka madzi a phala pa mbaula pamene achimwene anayamba kusanza magazi. Anathamangira m'nyumba, ifenso tinathamangira komweko, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali atatisiya. Za poto palibe anakumbuka. Wina anangomuphula pambuyo pake, n'kumuvundikira, n'kumukankhira pakona.

Pamaliro kwathu kuno nyumba iliyonse imatulutsa mapoto, amayi n'kumaphika pamodzi pansi pa mitengo. Tsiku loika panafunika poto waukhondo wophikira tiyi wa akulu a mpingo, ndipo anatuma ine. Ndinamupeza pakona paja, ndinavundukula. M'kati munali mouma, mopanda chopserera chilichonse, koma pansi ponse panali mtundu umene sindinauonepo m'poto: kubiriwira, kufiirira, chikasu m'mbali, ukamupendeketsa n'kumasinthasintha ngati khosi la nkhunda. Ndinatikita ndi chala, sunachoke. Ndinathira madzi, sunachoke.

Apa ndiyenera kunena zoona. Ndikanatha kulowa m'nyumba ya siwa, kuwaitanira alamu pambali n'kuwafunsa. Sindinatero. Chisoni ndinali nacho, chenicheni, koma pansi pake panali mkwiyo wakale uja wa poto, ndipo unali wosapola. Ndinatuluka naye, ndinadutsa pakati pa amayi onse amene ankaphika, n'kumuika pamiyendo pa amayi anga.

"Amayi, taonani zimene achimwene akhala akudya."

Poto anayenda dzanja ndi dzanja. Palibe anatchula mawu akuti chiphe. Mayi wina wachikulire anangoti iye wakhala akupsereza mapoto moyo wake wonse, ndipo poto akapsa amada bii, sabiriwira. Onse anavomereza, ndipo sankanama, chifukwa m'mudzi monse munalibe wina amene anakhalapo ndi poto wa chitsulo chimenechi. A Eliness ataitanidwa n'kuonetsedwa, anayang'ana m'kati nthawi yaitali, nkhope itagwa. Tinkadikira kuti akane, alumbire, adzigwetse pansi. Sanachite chilichonse mwa zimenezi. Anangomufungatira potoyo n'kubwerera m'nyumba, ndipo aliyense anati waona yekha ndi maso ake.

Sipanakhale bwalo, sipanabwere sing'anga. Ndife anthu opemphera ife. Tinachita mwaulemu, mmene timachitira zoipa zathu zambiri. Mwambo wometa utatha, amayi anatenga Ulemu ali ndi zaka zisanu, ati aziwachotsa kusungulumwa. Mwanayo anauzidwa kuti kwa amayi ake azipita kukacheza, koma kudya azidya kwa agogo. Abale a ku Bwanje atamva anakwera kuti adzatenge mbale wawo. Anauzidwa kuti mayi akhoza kupita, koma mwana ndi wakuno popeza ng'ombe zinapita. A Eliness anakana kutsika. Anati bola azimuona akudutsa popita kusukulu.

Anthu ankawapatsa moni bwinobwino. Kutchalitchi ankakhala nawo benchi imodzi, kuimba nawo m'buku limodzi. Khasu ankawabwereka, ndipo kachewere wawo ankagulidwa, popeza ndi wamuwisi ndiponso ali ndi khungu. Koma pa zikwati ndi pamaliro ntchito yawo inali nkhuni; ngakhale madzi sankawatuma. Pa misonkhano ya amayi a mpingo, pamene aliyense amabwera ndi mbale yake, ya iwo inkazungulira n'kubwerera yodzaza, kapena wina ankatapako pang'ono kuti awachotse manyazi, n'kukataya kuseri. Patapita zaka ziwiri anasiya kubweretsa mbale. Anayamba kubweretsa paketi ya shuga yosatsegula, ndipo imeneyo tinkailandira ndi manja awiri.

Poona kuti kumwanako chakudya sichiloledwa, anaphunzira kuluka. Munthu wa ku Bwanje amene sanagwirepo ulusi, anagula singano pa Boma n'kudziphunzitsa yekha, kuluka ndi kumasula mpaka zinatheka. Chaka chilichonse Meyi asanathe, juzi ya Ulemu inkafika, mikono yake yokwana ndendende, ngakhale sanamuyese ndi chingwe. Ankamuyesa ndi maso mwanayo akamadutsa. Nthawi yoweruka kusukulu ntchito zawo zonse zinkapezeka kuti zili pakhonde loyang'ana kunjira.

Amayi athu atadwala mu 2010, a Eliness ndi amene ankabwera kudzatenga mabulangete kukachapa kudambo m'mawa kukuzizira. Amayi sankadya. Tsiku lina ananong'ona kuti akulakalaka phala la mpunga, ine ndinaphika, analawa n'kutembenukira kukhoma. Tonse awiri tinkadziwa phala limene ankanena. Mwini wake anali panja pomwepo akuyanika mabulangete, ndipo palibe mwa ife anamuitana.

Amayi atamwalira Ulemu anabwera kwa ine. Ndinamulera bwino, pamenepo sindidzitsutsa. Koma ndikukumbuka tsiku lina ali sitandade 4 anafika ndi chitumbuwa m'manja, ati amupatsa amayi ake panjira. Ndinamumenya padzanja, chitumbuwa chinagwa, galu wathu anatola. Mwanayo sanalire, anangoyang'ana galuyo akumeza. Galu ameneyo anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, wonenepa bwino, akundilondola kudimba tsiku lililonse, koma ine sindinaphunzirepo kanthu.

Njira yopita kudimba kwanga imadutsa pakhomo pa alamu. Loweruka lililonse ankatulutsa poto uja, kumutsuka kunja kokha, kumupukuta, chivundikiro chili chomwecho, n'kumubwezera pa msomali. Sanaphikiremonso, ankadziphikira m'kasefuliya kopindika. Kunyezimira kwa potoyo padzuwa kunkandifika m'maso ndili kutali, ndipo ndinkayang'ana kumbali. Anthu amati akufa amabwera kudzalankhula ndi abale awo. Achimwene sanabwerepo kwa ine. Chimene chinkandibwerera ndi mtundu uja. Ndinkauona pa mapiko a ntchentche, pa chithaphwi cha padepoti pamene patayikira mafuta a minibasi, ndipo nthawi iliyonse mtima unkandigunda. Ndinkadziuza kuti ndi chisoni cha mlongo. Ana obadwa pambuyo sankadziwa n'komwe chiyambi chake. Ankangodziwa kuti kwa amake Ulemu sadyako, monga amadziwira kuti kumanda salozako chala.

Ulemu anakula, anaphunzira, pano ndi mphunzitsi ku Lilongwe. Akabwera kumudzi amafikira kwa ine. Kwa amayi ake amapita ndi buledi ndi zakumwa za m'botolo, amacheza ola limodzi, amabwerera kudzadya kuno. Ndi mwana waulemu ngati dzina lake, ndipo sanandifunsepo chifukwa chake zinthu zili chonchi. Mu Okutobala 2024, pa Tsiku la Anakubala, anabwera ndi mphatso ziwiri. Amayi ake anawapatsa chitenje. Ine, azakhali ake, anandipatsa poto wa chitsulo chonyezimira chija, wa chogwirira chachitali. Ndinalandira ndikuseka, koma m'manja ankandilemera.

Sabata yachiwiri, masana, ndinateleka madzi a tiyi pa mbaula ya makala ambiri. Ndisanakhale pansi ndinaona mbuzi za eni zili m'kabichi wanga. Ndinazipirikitsa mpaka kudambo, ndinapita kukamuuza mwini wake mawu omukwanira, ndipo amene amandidziwa akudziwa kuti zimenezo sizitenga mphindi zisanu. Pobwera madzi anali ataphwa kalekale. Ndinaphula poto, ndinasuzumira m'kati. Kubiriwira, kufiirira, chikasu m'mbali. Ndinakhala pansi padothi pomwepo. M'poto mmenemo munalowa madzi a pamjigo okha, otunga ndekha, ndipo panalibe wina amene anamukhudza.

Mawa lake ndinakwera kabaza kupita pa Boma, poto ndili naye m'chitenje. Ndinamuonetsa mtsikana wina wogulitsa ziwiya pamsika. Anaseka, ati mwamuumitsa pamoto mayi, chitsulo chimenechi chikatentha chopanda kanthu chimatero, sichinawonongeke. Anatenga ndimu pa benchi yoyandikana, anadula pakati, anatikita m'kati, anatsukuluza ndi madzi a m'botolo, poto anabwerera mbee. Sizinamutengere ngakhale mphindi ziwiri. Anadabwa kuona mayi wamkulu akulira pakati pa msika chifukwa cha poto, ndipo anandifunsa ngati ndabedwa.

Ndinatha masiku anayi ndisanapite kwa alamu. Pakamwa ndine wolimba, koma kupepesa sindinakuzolowere. Tsiku lachisanu m'mawa ndinatenga poto wanga ndi mandimu awiri. Ndinawapeza pakhonde akusankha mbewu ya kachewere, imvi zili mbuu, akuoneka ngati amene anandibereka pamene ndife akafumbata amodzi. Ndinaodira, anandiyalira mphasa, tinalonjerana. Sindinadziwe poyambira, choncho ndinangopempha mbaula ndi makala. Anandiyang'ana modabwa koma anatulutsa. Ndinathira madzi pang'ono m'poto wanga iwo akuona, ndinateleka, tinakhala awiri tikuyang'ana. Madzi anawira, anaphwa, chitsulo chinayamba kuthetheka, ndipo mtundu uja unatuluka pakati n'kumafalikira m'mbali. A Eliness anaimirira n'kugwira mzati wa khonde.

"Mwathiramo chiyani, alamu?"

"Madzi okha. Ndi moto umene umachita zimenezi. Ndi moto basi."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Kenako anandiuza chimene sanauzepo munthu, ngakhale abusa. Anati achimwene atayamba kutaya mapiritsi aja, iwo ankawatola kuseri kwa windo, ndipo pambuyo pake ankakawatengera okha kuchipatala. Ankawasinja ndi supuni n'kuwasungunula m'madzi a phala ali pamoto, popeza mwamuna wawo ankayang'anitsitsa chilichonse chochitikira pa mbale. Ankawonjezera shuga kuti kuwawa kusamveke. M'mawa womaliza uja anali atathiramo kale. Ataona mtundu umenewo pamaliro, anakhulupirira kuti mapiritsi akaphikidwa amasanduka chiphe, ndipo kuti anapha mwamuna wawo ndi dzanja lomwe linkafuna kumupulumutsa. N'chifukwa chake sanakane. N'chifukwa chake Ulemu atatengedwa sanalimbane ndi munthu. Ankaona kuti chilangocho chikuwayenera. Zonsezi anazinena ndi mawu otsika, akuyang'ana makala.

"Ndiye kuti a Elson anangofa okha?"

"Anafa ndi chifuwa, alamu. Popanda inu sakanafika n'komwe Khirisimasi."

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi poto wawo, anavundukula. Mtundu uja unali momwemo, mmene ndinausiyira tsiku la maliro. Ndinadula ndimu kuti nditikite, koma anandigwira dzanja n'kundilanda. Anatikita okha, mozungulira, mosamala, ndipo chitsulo chinayera akuona. Anayang'ana m'poto, anayang'ana khoko la ndimu lili m'manja mwawo. Kuseri kwa nyumba yawo kuli mtengo wa mandimu umene umabereka mpaka kugwetsa, ndipo unalipo kale tsiku limene anakwatiwa.

Ndinagwada padothi. Ndinawauza zonse, za mchenga, za mkwiyo wanga, za mmene ndikanathera kuwafunsa pambali. Ndinati Lamulungu ndiimirira m'tchalitchi ndi mbaula ngati kuli kofunika. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera, kenako anandifunsa kuti ndikauza ndani. Anati theka la amayi amene anagwira poto uja ali kumanda, ndipo otsalawo adzangoti Sellina amudyetsa. Sanati andikhululukira, ndipo sanati sanandikhululukire. Anangopempha chinthu chimodzi.

"Mumuimbire Ulemu. Koma musamuuze kuti adzadye kuno. Mungomuuza za moto."

Ndinadzamuimbira tsiku lomwelo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati wamva, ali m'kalasi. Zimene adzachite mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuopa mbale ya amayi ake, sindikuzidziwa, ndipo ndilibe ufulu womufulumizitsa.

Koma m'mawa umenewo sindinachoke msanga pakhonde paja. A Eliness anatsuka poto ndi sopo, anapeta mpunga umene achemwali awo amawatumizira kuchokera ku Bwanje, anauteleka osandifunsa ngati ndidya. Ine ndinatenga mpiru n'kumasadza, iwo n'kutendera. Utapsa anapakula mbale ziwiri, ina anachita kukaifunafuna m'dengu n'kuitsuka fumbi. Anandithira madzi m'manja. Ndinapemphera, pemphero lalitali, la munthu wozengereza. Nditati ameni dzanja langa linapita kumbale n'kuima m'malere. Ndinkadziwa zonse, ndinali nditaona ndi maso anga kawiri konse, koma dzanjalo linaima lokha. Sizinatenge nthawi, komabe anaona.

Sanakwiye. Anatambasula dzanja, anatapa m'mbale yanga, anadya, anameza ine ndikuona, monga amachitira mwini mowa asanapatse mlendo chipanda. Manyazi amene ndinachita pamenepo sindinawachitepo chibadwire. Ndinadya, misozi ikugwera m'mbale, iwo akuyang'ana pakamwa panga pa mbamu iliyonse.

"Mundiuze ngati mchere wachepa, alamu," anatero. "Muyeso wa anthu awiri ndinauiwala."